Sukulu Yopanda Womaliza

Achemwali anga aphunzitsa ana manambala kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, m'chipinda chimene chili kuseri kwa shopu yanga yosokera zovala. Khoma lotilekanitsa ndi la matabwa, choncho maphunziro onsewo ndawamva, ngakhale sindinalembetse dzina. Ndikayetsemula, ana amawerenga kuti ndayetsemula kangati. Ndikagwetsa sizasi amawerenganso. Tsiku lina kasitomala wina wamimba yake anavula jekete kuti ndimuyeze, ndipo pamng'alu wa matabwa panatuluka timawu tolengeza kuti malaya a bambowo ali ndi mabatani asanu, awiri atsala pang'ono kuthawa, ndiye patsala atatu. Bambo uja sanabwerenso kudzatenga thalauza lake.

Mumsewu wathu achemwali amadziwika kuti Mayi Pamodzi, chifukwa pakamwa pawo sipachoka mawu oti "tonse pamodzi". Amatenga ana khumi okha pachaka, a zaka zinayi kapena zisanu, ndipo mwana akachoka m'manja mwawo amawerenga mpaka zana osapunthwa. Sawerenga mwachidule ngati ife kuti sikisi, seveni, ayi. Amatchula mawu onse ndi michira yake yomwe: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Amawerenga zitsekerero za mabotolo, zitsulo za pawindo, ntchentche zotera patebulo, ndi mano a mlendo aliyense amene walakwitsa n'kumwetulira. Pa zimenezi palibe amene angawanene achemwali anga.

Koma mpaka chaka chathachi, m'sukulu imeneyi munalibe woyamba, munalibe wachiwiri, munalibe womaliza. Sikuti achemwali anaiwala kuphunzitsa mawu amenewa. Analumbira kuti sadzawaphunzitsa, ndipo lumbirolo akuti ndinayambitsa ndine.

Tili ana, pasukulu yathu tsiku lotsekera ahedi ankaima pakhonde n'kumawerenga zotsatira za mayeso mokuwa, kuyambira woyamba mpaka womaliza, kalasi ndi kalasi. Achemwali ankakhala oyamba chaka ndi chaka mpaka anthu anatopa kuwaombera m'manja. Ine mutu wanga unali pa tizidutswa ta nsalu, ndipo chaka china ndinakhala nambala makumi anayi ndi zitatu mwa ana makumi anayi ndi atatu. Pamene ahedi ankafika pa dzina langa n'kuti anthu atayamba kale kunyamula zikwama. Ndinalira, sindikana, koma pofika masana ndinali nditaiwala, ndikusewera panja. Achemwali ndiwo sanadye tsiku limenelo. Anauza abambo athu, maso ali gwa, kuti akadzakula adzatsegula sukulu yopanda womaliza. Abambo anaseka n'kunena kuti ngakhale nkhuku zikamalowa m'khola pamakhala ina yotsalira. Achemwali anayankha kuti pamenepo cholakwa ndi khomo la kholalo.

Chisoni changa cha theka la tsiku achisunga zaka makumi anayi, osandifunsa n'komwe ngati ndikuchifunabe. Zimenezi zimandikwiyitsa, ndipo ndawauzapo kangapo.

Chipinda cha sukulucho kale chinali galaja, ndipo anachisankha chifukwa cha chitseko chake chachitsulo, chotakata khoma lonse. M'mawa uliwonse ana ankagwirana manja panja, achemwali n'kukankha chitsekocho, ndipo onse khumi ankalowa phazi limodzi. Ngati wina watsogoza mphuno, ankatuluka onse n'kuyambanso. Kuitana mayina kunalibe, popeza dzina lina likanayenera kutchulidwa linzake lisanatchulidwe. M'malo mwake ana ankavula nsapato n'kuziunjika pakati, kenako n'kuziwerenga. Zikakwana makumi awiri ndiye kuti onse abwera. Zikakhala khumi ndi zisanu ndi zinayi, phunziro la tsiku limenelo linali kufunafuna nsapato.

Posamba m'manja, wokonza mipope wa mumsewu wathu anawapangira paipi yaitali yokhala ndi mabowo khumi, ndipo madzi ankatuluka nthawi imodzi, ngakhale bowo la kumapeto linkangodontha, achemwali n'kumanamizira kuti sakuona. Pa mpikisano wothamanga ana onse ankagwira chingwe chimodzi chopingasa, ndipo ankafika limodzi kapena kugwa limodzi. Pomwe achemwali anagonja ndi pa chimbudzi pokha, chifukwa chinali chimodzi ndipo mwini nyumba anakana kumanga zisanu ndi zinayi zina. Lamulo linali loti wopanikizika azipita, otsalawo aziyang'ana kudenga kuti asadziwe amene wapita. Mayina a masiku, Lachiwiri, Lachitatu ndi anzake, anawasiya momwemo, ati chifukwa masiku salira.

Ndipo musaganize kuti misalayi inkathera kuntchito. Achemwali anabereka mapasa, anyamata, ndipo mpaka lero sananene kuti anayamba kutuluka ndani. Malemu alamu anga anafunsa mpaka anatopa, anapita kumanda osadziwa. Mapasawo tsopano ndi abambo a ndevu zawo, akugwira ntchito kutali, ndipo aliyense amamutchula mnzake kuti achimwene, kuopa kuchita mwano kwa mkulu wake. Chaka china anakafunafuna mzamba amene anawachiritsa amayi awo, koma anakapeza gogoyo sakukumbukira ngakhale kuti anali mzamba.

Madandaulo ankabwera, makamaka kuchokera kwa aphunzitsi a kupulaimale komwe anawa ankapita. Ankati mwana wa kwa Mayi Pamodzi ukamuuza kuti atenge mpando wachiwiri, amabwera atanyamula mipando iwiri. Ukamuuza kuti atsegule tsamba lachitatu, amakupatsa masamba atatu atang'amba bwinobwino. Achemwali ankayankha kuti mwana wobweretsa mipando iwiri ndi mwana woganizira mnzake. Makolo sankadandaula kwenikweni, chifukwa ana awo ankabwera kunyumba osalira, ndipo zinazo ankaziphunzira okha patsogolo.

Zinthu zinasintha Lachiwiri lina m'mawa, pamene kunabwera bambo woyendera masukulu a ana aang'ono. Oyendera akale ankangosuzumira, kuona kuti denga silikudontha, n'kusaina. Uyu anali watsopano, wowonda, wataye, ndipo anabwera ndi fomu yatsopano ya masamba anayi. Ine ndinasiya makina n'kukaima pakhomo, poti zinthu zotere sindikonda kuzimvera pamng'alu.

Poyamba zinayenda bwino kwambiri. Asanakhale pansi n'komwe, ana anali atamuuza kale kuti ali ndi zolembera zitatu, matumba asanu ndi awiri, ndiponso tsitsi loyera khumi ndi limodzi pamwamba pa khutu. Bamboyo anakondwa, ngakhale anagwira khutulo. Anachonga, n'kuchonganso. Kenako anatembenuza tsamba n'kuwauza kuti aime pamzere.

Ana anagwirana manja n'kupanga bwalo.

Anabwereza pang'onopang'ono, ndipo ana anachepetsa bwalo lija, poganiza kuti mwina lakula. Anatenga choko n'kujambula mzere pansi. Ana anaima pamzerewo moyandikana mapewa, koma awiri a m'mbali anaona kuti ali ndi dzanja limodzi lopanda mnzake, ndiye anayamba kusendera mpaka bwalo linabwerera. Bamboyo anapukuta thukuta. Anayala zitsekerero zisanu patebulo n'kuuza mnyamata wina kuti amupatse chachitatu, ndipo mnyamatayo anamupatsa zitatu ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Atafunsa kuti choyamba ndi chiti, ana anayang'anana, wina anasuzumira pansi pa tebulo, wina anapita kukachiyang'ana panja.

Achemwali anafotokoza zonse, kuyambira pakhonde la ahedi aja, mpaka kundiloza ine ngati umboni. Bamboyo anamvetsera mwaulemu. Sanali munthu woipa. Atamaliza anawauza kuti fomu ikufuna kuti mwana aliyense adziwe woyamba mpaka wachikhumi, ndiponso adziwe womaliza, ndipo adzabweranso Lachisanu la sabata yamawa. Ngati ana adzakhale akupangabe mabwalo, chiphaso cha sukulu chidzalandidwa, ndipo anawo adzatumizidwa kusukulu yaikulu ya kutsidya la msewu waukulu, komwe m'kalasi imodzi mumakhala ana makumi asanu ndi limodzi.

"Mayi, fomuyi sindinalembe ndine," anatero akutseka chikwama. "Ine ntchito yanga ndi kuchonga."

Atachoka, achemwali anakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'khosi. Ndinawamvera chisoni, koma chisoni changa chimatulukira kukamwa ngati mkwiyo. Ndinawauza mosapita m'mbali kuti amuna awo anamwalira, mapasa ali kutali, ndipo chimene chimawadzutsa m'mawa ndi chitseko chachitsulo chija basi. Akatseka sukuluyi adzachita chiyani, adzakhala mushopu mwanga n'kumawerenga zipi? Ndinawauzanso kuti ngati masiku salira, mabatani nawonso salira. Ndinatenga chitini changa cha mabatani n'kuchiika pamiyendo pawo.

M'mawa mwake achemwali anayala mabatani khumi pamzere. Ndinawamva akutchula kuti ili ndi loyamba, ngati munthu amene akutukwana koyamba m'moyo wake. Anapitiriza, lachiwiri, lachitatu, mpaka lachikhumi, n'kunena motsitsa kuti limeneli ndiye lomaliza.

M'kalasimo munali kamtsikana kena komwe tonse tinkakatcha Ndikubwera, chifukwa ukakaitana kankayankha choncho n'kupitiriza zomwe kakuchita. Kankachita chilichonse pang'onopang'ono, kumwa madzi, kumanga lamba wa nsapato, ngakhale kuseka kumene, koma m'sukulu ya achemwali zimenezi sizinkaoneka chifukwa onse ankadikirana. Ndikubwera anafunsa kuti kodi batani lomalizalo lalakwa chiyani. Achemwali atati silinalakwe kanthu, mwanayo anadzuka, kulitola, n'kukaliika kutsogolo. Pamenepo batani lina linakhala lomaliza, ndipo mwana wina analimvera chisoni n'kulipititsa kutsogolo. Pofika nthawi yoweruka mzere wa mabatani unali utatsika patebulo, utadutsa pakhomo, ukulowera kumpanda, ndipo palibe amene anaphunzirapo kanthu.

Tsiku lotsatira anayesa mipando, koma mpando uliwonse unali ndi mwini wake, ndipo mwini wa mpando wachikhumi anaukumbatira. Anayesa zala, koma ana ataona kuti kachala kakang'ono ndi komwe kakuthera kumapeto, onse anakaika m'kamwa kukatonthoza. Anayesa nyerere zomwe zinkakwera khoma, koma mzere wake unkachokera m'bowo n'kukalowa m'bowo lina, choncho woyamba anali atalowa kale ndipo womaliza anali asanatuluke. Ndinawauza achemwali kuti anawa anawaphunzitsa bwino kwambiri, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Sabata inatha choncho.

Lolemba madzulo achemwali anabwera mushopu mwanga maso akuwala, ndipo ine ndikaona maso amenewo ndimabisa sizasi. Anati apeza nzeru. Ana amamvera chisoni zinthu zazing'ono, koma akuluakulu sangawamvere chisoni, ndiponso akuluakulu mitima yawo inauma kale, sangadandaule kuima kumbuyo kwa mphindi zisanu. Anandituma kuti ndikapemphe anthu a mumsewu wathu kuti Lachitatu m'mawa adzaime pamzere pamaso pa ana. Anadula makatoni khumi, pa lililonse analembapo mawu ake ndi zilembo zikuluzikulu, n'kubowola kuti munthu azikoleka m'khosi. Kuti pasakhale kukondera, makatoniwo anawaika m'thumba kuti aliyense apise dzanja atatsinzina.

Anabwera onse, atasamba n'kusamba: wometa, wosoka nsapato, wokonza mipope, mayi wogulitsa buledi pakona, ndi ena asanu, ine kukwanitsa khumi. Ana anakhala pansi pabwalo, miyendo itapindidwa. Tinapisa m'thumba tikuseka.

Mayi wa buledi anatulutsa katoni la WOYAMBA. Nthawi yomweyo anasintha kayendedwe. Anakaima kutsogolo, anakonza mpango wake, n'kutiyang'ana ngati tamubwerera kudzapempha ntchito. Wosoka nsapato anapeza WACHIWIRI. Wometa anapeza WACHISANU NDI CHIWIRI, analiwerenga kawiri, analitembenuza kuona ngati kuseri kuli zina, kenako nkhope inagwa. Ananena kuti iye anatsegula malo ake mumsewu muno pamene wosoka nsapatoyo anali asanadziwe n'komwe kuti nsapato ili ndi kumanja ndi kumanzere.

"Ine wachisanu ndi chiwiri? Kumbuyo kwa uyu? Muwerenge bwino, mayi. Woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, wachisanu, wachisanu ndi chimodzi, anthu onsewa andipose ine?"

Wosoka nsapato anayankha kuti wachiwiri ndi wachiwiri basi, wosakhutira akadandaule kwa thumba. Wokonza mipope, yemwe anali wachinayi, anati iye sakudandaula, kungoti wachitatu ndi mpongozi wake ndipo si ulemu kumuyang'ana m'khosi. Wachisanu ndi chinayi anapempha wachisanu ndi chitatu kuti asinthane, n'kumulonjeza kumukonzera njinga. Wachisanu anati popeza ali pakati, ndiye kuti ndi wapampando. Anthu anayamba kukankhana ndi zigongono. Aliyense ankakuwa nambala yake ndi ya mnzake, kuloza kutsogolo, kuloza kumbuyo, kuwerenga kuchokera kwa mayi wa buledi mobwerezabwereza kuti atsimikize kuti waponderezedwa ndi anthu angati.

Ine katoni langa linali la WACHIKHUMI. Achemwali ataona anathamanga kuti alilande, koma ndinakana, ndinati si kanthu, ndi masewera. Ndinakaima kumapeto, pafupi ndi mgolo wa zinyalala. Ndiye ndikuuzeni zoona, ngakhale sindinawauze iwo: zinandiwawa. Mayi wamkulu ngati ine, wa shopu yangayanga, ndinaima pamenepo ndikuyang'ana misana isanu ndi inayi, ndipo ndinapezeka ndikunena mokweza kuti mpango umene mayi wa buledi akunyadirawo ndinasoka ndine, ndipo m'mphepete mwake ndinapinda mokhota dala.

Achemwali ankakuwa kuti tonse pamodzi, tonse pamodzi, koma palibe amene ankawamva. Mkanganowo unatha pamene makasitomala a wometa anabwera kudzamuitana, mmodzi atametedwa mbali imodzi.

Ana sanaphethire n'komwe. Zimene mabatani analephera sabata yonse, ife tinaziphunzitsa m'theka la ola. Pofika masana ankatha kutchula mzere wonse osaphonya, ndi mawu ake enieni a mwini nambala. Wometa akamadutsa ankamupatsa moni kuti mwaswera bwanji a Chisanu ndi Chiwiri, ndipo mpaka lero iye ndi wosoka nsapato sapatsana moni. Lachinayi achemwali anayalanso mabatani, ndipo ana analoza lachitatu, lachisanu ndi chimodzi, lachikhumi, mosavuta. Palibe amene anasunthanso lomaliza. Ine ndinati zatheka, sukulu yapulumuka. Achemwali sanasangalale. Anati chomwe akupempha n'chakuti bambo uja adzawayese ndi zitsekerero zokha, asadzawaimike anawo pamzere.

Lachisanu bambo uja anafika nthawi yake, ndi zolembera zake zitatu. Anayala zitsekerero khumi, ndipo ana anayankha chilichonse asanamalize kufunsa. Anawaonetsa mawu olembedwa pamakadi, anawazindikira onse. Bamboyo anadabwa kwambiri ndipo anafunsa njira imene agwiritsa ntchito, kuti akauze masukulu ena. Achemwali anati njirayo imafuna wometa. Bamboyo sanamvetse, koma analemba.

Kenako anatembenuza tsamba. Achemwali anamupempha motsitsa kuti gawo limenelo ayese ndi mipando, kapena nsapato, kapena ngakhale ife akuluakulu, tiitanidwenso. Bamboyo anawaonetsa fomu ndi chala, pomwe panalembedwa kuti ana aime pamzere. Anati akanakonda kuwathandiza, koma pa fomupo palibe malo a mipando. Anaomba m'manja kamodzi n'kuuza ana kuti aime pamzere kutsogolo kwake.

Ndinali ndisanaonepo ana a achemwali akuthamanga opanda chingwe. Anathamanga. Anakankhana ndi zigongono ndendende mmene tinachitira ife, ndipo kamnyamata kamene kanafika kutsogolo kanakonza kolala ya malaya ake n'kuyang'ana anzake cham'mbali. Ndinaona mayi wa buledi mwa iye, ndipo ndinachita manyazi. Ndikubwera anali akumangabe lamba wa nsapato. Anati ndikubwera, monga mwa masiku onse, koma ulendo uno palibe amene anadikira. Atamaliza anapita kukaima pomwe panatsala malo.

Bamboyo anayenda ndi mzerewo akufunsa mwana aliyense kuti ndi wachingati, ndipo aliyense anayankha molondola. Atafika kumapeto anayang'ana pa fomu, n'kufunsa funso lotsala.

"Nanga womaliza ndi ndani?"

Achemwali anatsegula pakamwa. Ndinadziwa zomwe ankafuna kunena, ndipo ndinadziwa kuti akazinena chiphaso chapita. Ndinawagwira mkono n'kuufinya mwamphamvu, mpaka zikhadabo zanga zinasiya zizindikiro. Anandiyang'ana, kenako anatseka pakamwa.

Ana asanu ndi anayi anatembenuka n'kuloza Ndikubwera. Iye ataona kuti onse akumuyang'ana, anamwetulira pang'onopang'ono, n'kudziloza yekha pachifuwa. Bamboyo anachonga, anasaina, anadinda chidindo, ndipo anawagwira chanza achemwali n'kuwauza kuti m'masukulu onse amene wayendera mwezi umenewo, yawoyi ndi yoyamba. Achemwali anathokoza ndi mawu omwe sindinawamve bwino.

Loweruka ndinawakhomerera chiphasocho pakhoma, pamwamba pa bolodi. Ndinawauza kuti asadandaule, ana amaiwala msanga, pofika Lolemba adzakhala atabwerera ku mabwalo awo. Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Lolemba ndinafika m'mamawa chifukwa ndinali ndi diresi la ukwati loti ndisite. Amayi ake a Ndikubwera amayamba ntchito molawirira, choncho amamusiya pasukulu anzake onse asanafike. Masiku onse mwanayo ankakhala pafupi ndi chitseko n'kumacheza ndi achemwali pamene akusesa. Tsiku limenelo ndinamuona pawindo ataima patali, chakumpanda, kachikwama kali kumsana, manja ali m'mbali, wowongoka bwinobwino. Achemwali anasiya tsache n'kupita pomwe anali. Anagwada n'kumufunsa kuti waimiranji kutali choncho.

"Ndikudikira anzanga abwere," anatero. "Malo anga ndi kumbuyo."

Sanali wokhumudwa. Ananena mokondwa, ngati mwana amene wakhoza phunziro ndipo akudikira kuyamikiridwa. Zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Ndinaika simbi pansi, ndipo ndinalakalaka dzanja langa likanapanda kugwira mkono uja.

Achemwali anatchula okha, popanda fomu, popanda wowafinya, mawu omwe anawakana zaka zonsezi.

"Koma mwanawe, lero wafika anzako onse asanafike. Lero ndiwe woyamba."

Ndikubwera anaganiza pang'onopang'ono, monga amachitira. Kenako anapukusa mutu, n'kuwakonza aphunzitsi ake mwaulemu.

"Ayi, Mayi. Woyamba sanabwere. Ine ndine womaliza."

Achemwali sanadzuke pomwe anagwadapo. Patapita nthawi ana ena anayamba kufika, mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankapita kukaima kutsogolo kwake.